Bambo a mwana wanga ndi mu Igbo, akwawo akuti mwana si wawo mpaka apereke ndalama kwathu. Ndithandizeni maganizo

Nankhoma_Joni

Moni nonse abale. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga koma lero yanga yandikulira nde ndati ndifunse, mwina alipo anadutsamo kapena amene amawadziwa bwino anthu amenewa.

Ine kwathu ndi ku Dedza, Mchewa weniweni, koma ndimakhala ku Joni kuno ndimaluka tsitsi mu saluni. Bambo a mwana wanga ndi mu Igbo wa ku Nigeria, kwawo ndi ku Anambra chakufupi ndi Nnewi, amagulitsa ma spare a galimoto. Tili ndi mwana mmodzi wamwamuna wazaka 4 ndipo timakhala nyumba imodzi bwinobwino, munthuyu sindingamunamizire amasamala, renti, fizi ya mwana, olo mayi anga kumudzi amawatumizira kangachepe. Tisanayambe kukhalira limodzi tinapanga kachinkhoswe konkuno, ankolo anga ena amene ali ku Germiston anaimira kuchikazi, iye anabwera ndi anzake a kwawo, anthu anadya kumwa basi ine mumtima ndinati zatha ndine mkazi wa mwini.

Pano ndi pamene zavuta. Apongozi anga aamuna akalamba ndipo akudwaladwala nde akumaimba video call pafupipafupi, mawu awo ndi amodzimodzi, akuti mwanayu sanalowe m'banja mwawo, pa mwambo wawo si wawo mpaka abale awo akafike kwathu akapereke ndalama kwa makolo anga. Ine zinandipweteka kwambiri chifukwa mwana amafanana ndi bambo ake ngakhale kayendedwe, nanga si wawo bwanji? Nditawauza atsibweni anga ku Dedza iwonso anakalipa, akuti ife Achewa sitigulitsa ana, mwana ndi wa mbumba yathu ndipo mwinimbumba ndi iwo, akangolandira ndalama za anthu akutali ndekuti mwana wapita sitidzamuonanso. Nde ine ndili pakati, uku akuti si wathu mpaka tilipire, uku akuti tikalandira ndiye tamutaya.

Kwinaku kuli nkhani ya chilankhulo. Mwanayu amalankhula Chingerezi, Chichewa amamva chonse ndipo amayankha, ku kreshi watolako ka Chizulu, koma chi Igbo olo mawu amodzi. Agogo akewo atamupatsa moni pa foni iye anangoyang'ana n'kuthawira kumbuyo kwanga, madalawo anakhala chete nthawi yaitali kenako analankhula ndi mwana wawo mawu ambirimbiri mokweza ine osamva kanthu. Foni itadulidwa mwamuna wanga anandiuza kuti vuto ndine, ndadzaza mwana ndi Chichewa. Koma abale iyeyo akabwera ku shopu amamulankhula mwana mu Chingerezi, chi Igbo amalankhula ndi anzake okha pa foni, nde ine ndikanamuphunzitsa chiyani chimene sindichidziwa?

Chimene ndikufuna kumva, ndalama imeneyi ndi yogulira mwana kapena ili ndi tanthauzo lina? Nanga atati tasiyana mawa, adzandilanda? Ndipo n'chifukwa chiyani madalawa akuchita kulira ndi nkhani ya mdzukulu mmodzi pomwe ali ndi adzukulu ena ambiri kwa ana awo aakazi? Chonde osandinyoza kuti unatengeranji mu Naija, zimenezo ndamva zokwana.

Chisale_Zomba

A Nankhoma pepani ndi nkhawayi. Ine ndinakhalako kumeneko pa maphunziro ku yunivesite ya ku Nsukka, chigawo cha Enugu, ndipo maukwati ndi maliro a ma Igbo ndapitako ambiri ndithu nde ndikuuzani zimene ndinaona.

Apongozi anuwo sakunyoza mwana wanu ayi. Kwa ma Igbo ambiri munthu amawerengedwa kuchimuna. Amuna onse ochokera kwa kholo limodzi lalimuna amapanga gulu limene amalitcha umunna, ndipo umunna ndi umene umagawa malo, kuweruza milandu ya pachibale, kukwatitsa ndi kuika maliro. Ntchito imene atsibweni anu amagwira pa mbumba yanu kumeneko amagwira ndi abale a bambo. Koma chimene ambiri sitidziwa n'chakuti mwana salowa mu umunna chifukwa cha magazi okha, amalowa chifukwa mayi ake anatengedwa mwa mwambo. Mtsikana akaberekera pakhomo pa makolo ake popanda amene anadzapereka kanthu, mwanayo ndi wa bambo a mtsikanayo, amatenga dzina lawo, olo mudzi wonse ukumudziwa amene anapereka mimba. Nde madalawo akamati si wathu akutanthauza kuti panopa mwanayu ndi wa kwanu ku Dedza ndipo iwo alibe mphamvu yomuitana asanakupempheni. Pamenepo iwo ndi atsibweni anu akunena chinthu chimodzi osadziwana.

Mwambowo umayenda chonchi. Poyamba abale a mwamuna amabwera kudzagogoda pakhomo, amati iku aka, atanyamula zakumwa ndi mtedza wa kola. Kenako mabanja onse awiri amafufuzana mwakachetechete, kuti kubanjako kuli matenda anji, kuli mbiri yanji. Ikatero ndi pamene amakambirana za ndalama, ime ego, ndipo pomaliza pamakhala chisangalalo chachikulu cha igba nkwu pamene mkwatibwi amapatsidwa chikho cha mowa wa mgwalangwa, uja ku Chikwawa amati uchema, n'kumayenda nacho pakati pa anthu kufunafuna mwamuna wake, akamupeza amagwada n'kumupatsa kuti amwe pamaso pa onse. Ndalama yeniyeniyo kawirikawiri sikhala yambiri, ndaonapo ndi maso anga bambo akutolapo pepala limodzi pa mulu wa ndalama zotsalazo n'kubweza akunena kuti mwana wanga sagulitsidwa, mawu omwewo a atsibweni anu. Chimene chimawaliza anyamata ndi listi ya katundu, mbuzi, zilazi, mpunga, nsalu, makatoni a zakumwa, za amuna a pamudzi, za amayi, za achinyamata. Zinafika poipa kalekale moti mu 1956 boma la chigawo cha kum'mawa linaika lamulo kuti zisapitirire mapaundi 30, koma palibe amalitsata.

Pa funso lanu lachiwiri sindikubisirani. Pa mwambo wawo ukwati ukatha ndalama ija imabwezedwa, ndicho chizindikiro kuti watha, ndipo ana amawerengedwa a kuchimuna. Atsibweni anu sakuopa pachabe. Za malamulo a boma ndi zina, alipo odziwa muno anena.

Tsopano chifukwa chimene madalawo akulirira. Tawafunseni amuna anu ngati iwo ndi mwana wamwamuna woyamba, amene amati okpara, ku Anambra amati okpala. Ngati ndi choncho nkhani yonse yagona pamenepo. Okpala ndi amene amalowa mu obi, nyumba ya bambo imene ili pakati pa bwalo la banja, ndi amene amasunga kandodo ka ofo kamene kamaimira choonadi ndi ulamuliro wa makolo, ndi amene amatsogolera maliro a bambo ake ndi kulankhula ndi makolo amene anapita, ndichie. Akachoka iye amalowa mwana wake woyamba wamwamuna, amene ndi mwana wanuyo. Adzukulu a kwa ana aakazi amawakonda kwambiri koma ndi a umunna wa eni ake, sangakhale mu obi imeneyo. Mantha aakulu a bambo wa chi Igbo ndi akuti pakhomo pake padzamere tchire, mumaziona ngakhale m'mayina amene amapatsa ana, Ahamefuna ndi pempho lakuti dzina langa lisatayike, Obiechina kuti obi isathe, Nnamdi kuti bambo anga alipo. Ambiri ngakhale opemphera amakhulupirirabe kuti kholo limabweranso mwa mdzukulu, amati ilo uwa. Ndiye munthu wodwala amene akuona kuti masiku apita, mdzukulu woti adzakhale pampando wake ali ku Joni, sanalowe m'banja ndipo sakumva moni wake, mungamvetse kulirako.

Kuti muone kuti kwa iwo ubambo umayendera mwambo kuposa magazi, kale cha ku Nnewi komweko bambo amene alibe mwana wamwamuna ankatha kusunga mwana wake wamkazi pakhomo osakwatiwa kuti ana amene abereke akhale a dzina la bambowo, ankati nrachi. Mayi wosabereka ankathanso kupereka yekha ndalama n'kutenga mkazi wina, ana obadwawo n'kukhala a banja la mwamuna wake. Makhothi anazikana zimenezi koma maganizo ake sanathe.

Mbewe_Kempton

Asisi ine ndingoti samalani. Taona ambiri kuno, mwana akuti akukaona agogo pa Khrisimasi, January ikafika akuti ayambe sukulu konko, mayi atsala akulira ku Joni opanda viza opanda ndalama ya ndege. Sindikunena kuti amuna anu ndi otero, koma mwana asakwere ndege inu mutatsala, ndipo pasipoti yake muzisunga ndinu. Atsibweni anuwo amverereni, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Mayi_a_Chidi

A Mbewe za pasipotizo ndikugwirizana nanu, mayi aliyense azitero kaya mwamuna ndi wa kuti. Koma kungomuopseza mnzathuyu osamuuza mbali inayo si bwino.

Achemwali ine kwathu ndi ku Dowa, ndili ku Leeds, amuna anga ndi a ku Imo kufupi ndi Owerri ndipo tili ndi ana atatu. Nkhani yanuyi ndi yomwe inachitika kwathu, malume anga anakana kaye mpaka mayi anga ndi amene anawakumbutsa kuti nanga pa chitengwa sitilandira chiwongo? Mwamuna akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo amapereka kanthu ndipo palibe amati wagula munthu. Nde achimwene awo a amuna anga anabwera mpaka ku Dowa, ankhoswe anakhala pansi, anapereka kandalama kochepa, kwathu anakatcha chiwongo kwawo anakatcha ime ego, aliyense anapita kwawo mtima uli m'malo. Malume ananena poyera pamaso pa onse kuti ana awa kuno ndi kwawo ndipo tsiku lililonse akafuna malo olima adzapatsidwa, alamu angawo anawomba m'manja chifukwa kwa iwo zimenezo si zachilendo.

Apa ndi pamene anthu sadziwa. Ma Igbo amawerengera kuchimuna inde koma kwawo kwa mayi sikumasewera. Mwana wa mwana wamkazi akapita kumudzi kwa mayi ake amamutcha nwadiala, ku Anambra amati nwadiana, ndipo ali ndi ufulu umene olo ana a pamudzipo alibe, atha kuthyola chipatso chilichonse, kugwira nkhuku, palibe womumenya kapena kumukhetsa magazi, ndipo zikamuvuta kwa bambo ake, kaya wathamangitsidwa kaya walakwa, kothawira ndi kwa amalume ake ndipo sangamubweze. N'chifukwa chake atsikana ambiri amawatcha Nneka, kunena kuti mayi ndiye wamkulu. Palinso umuada, ana aakazi onse obadwira pamudzi olo anakwatiwa kutali, amenewa akabwera pa maliro kapena pa mlandu amuna amakhala chete, amalipitsa faindi ngakhale mkulu wa banja. Inu ngati mkazi wobwera muwagwire bwino alamu anu aakazi, akakukondani amenewo palibe angakutoleni. Ndipo ukabereka mwambo wawo wa omugwo umafuna kuti abwere ndi mayi ako a iwe mkazi kudzakusambitsa ndi kukuphikira, pobwerera mkamwini amawagulira nsalu ndi mphatso zambiri. Mayi anga a ku Dowa anakwera ndege koyamba chifukwa cha omugwo.

Za kukonda kumudzi muwamvetse anthuwa, anaona zoopsa. Mu 1966 ma Igbo ambirimbiri anaphedwa kumpoto kwa Nigeria, otsala anathawira kwawo kum'mawa, kenako nkhondo ya Biafra kuyambira 1967 mpaka January 1970, ana kufa ndi njala osawerengeka. Nkhondo itatha ambiri amene anali ndi ndalama ku banki anangopatsidwa mapaundi 20 basi, nyumba zawo ku Port Harcourt zinatengedwa akuti ndi katundu wosiyidwa. Apongozi anga aakazi anali kamtsikana nthawi imeneyo ndipo mpaka lero sataya chakudya olo chitatsala pang'ono bwanji. Kuyambira pamenepo mu Igbo aliyense amadziwa kuti malo okhawo amene sangamuthamangitse ndi pa dothi la bambo ake, nde amamanga nyumba yaikulu kumudzi olo azigonamo masabata awiri pa chaka, December aliyense amabwerera, ndipo akamwalira kunja thupi limapita kwawo zivute zitani. Madala anuwo akufuna mdzukulu wawo akhale ndi malo oterowo.

Koma za chilankhulo amuna anu akulakwa ndipo muwauze mosaopa. Vutoli si la ana a ife akazi akunja okha, ku Lagos ndi Port Harcourt kuli ana ambiri a bambo mu Igbo mayi mu Igbo amene salankhula, makolo amaona ngati Chingerezi ndiye chitukuko, kusukulunso ankalangidwa akalankhula cha kwawo monga zinkachitikira kwathu. Ife chinatidzidzimutsa ndi mtedza wa kola. Kwa iwo mlendo akabwera kapena pakakhala msonkhano uliwonse amayamba ndi kola, oji, wamkulu amaupempherera asanauswe ndipo amanena okha kuti oji samva Chingerezi, pempherolo liyenera kukhala mu chi Igbo basi. Mnyamata wamng'ono ndi amene amatumidwa kuzungulira nayo mbale kuonetsa akulu motsata ubale. Mwana wathu woyamba atapita kumudzi anamupatsa mbaleyo, akulu akumulankhula iye osamva, anabwera kwa ine misozi ili m'maso akuti mami sindikufunanso kubwera kuno. Bambo ake usiku umenewo sanagone. Titabwerera anasintha, pa tebulo amalankhula chi Igbo chokhachokha ndi ana, akayankha mu Chingerezi amangobwereza funso mpaka ayese, Loweruka amapita nawo ku kalasi imene gulu la anthu a kwawo limapangitsa, ndipo amaonera limodzi BBC Igbo imene inayamba mu 2018. Wamkuluyo amalankhula movutikira mpaka pano, koma wamng'ono amene anayamba ali khanda amacheza ndi agogo ake pa foni mpaka kuseka.

Inuyo musayese kumuphunzitsa nokha kuchokera pa YouTube, chilankhulo chawo chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu kuposa chathu, mawu amodzi akwa atha kukhala dzira, nsalu, bedi kapena kulira malinga ndi mmene wawatchulira, ine mpaka lero amandiseka. Inu pitirizani Chichewa chanucho osachepetsa olo pang'ono, mutu wa mwana umanyamula zonse.

Jere_wa_ku_Hora

Ndawerenga zonse ndipo ndati ndiikepo mawu ngati Mngoni wa ku Mzimba, chifukwa zimene akuopa madala a ku Anambra zinatichitikira ife kale ndipo tikukhala nazo.

Makolo athu anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba akulankhula Chingoni. M'njira monse ankatenga akazi a mitundu imene ankaipeza, Ansenga, Achewa, Atumbuka, ndipo ana onse ankawerengedwa a bambo, malobolo ankaperekedwa, mfunda unali wa bambo, ng'ombe za bambo, mpaka lero kwathu zili choncho palibe chasintha. Koma tamverani chimene tikulankhula. Ku Mzimba Chitumbuka, ku Ntcheu Chichewa, kwa Mpezeni ku Chipata Chinsenga ndi Chinyanja. Chingoni chatsala m'nyimbo za ingoma ndi m'mayina, pa Umthetho timavala zikopa n'kuimba mawu amene ambiri a ife sitingawamasulire. Chinachitika n'chakuti abambo anali ku nkhondo ndi ku bwalo, ana anali ndi amayi awo kumtondo ndi kumunda, ndipo mwana amalankhula cha amene akumusambitsa ndi kumudyetsa. Mibadwo iwiri itatu basi chinapita.

Nde achimwene athu a ku Nigeria amene akuti vuto ndi mkazi, ndikuwauza ngati mwamuna mnzawo, ng'ombe kapena ndalama zimalowetsa mwana m'banja koma sizimuika mawu m'kamwa. Mukapereka zonse ku Dedza mwanayo adzakhala wanu pa mwambo, adzalowa mu obi imene a Chisale akunenayo, koma tsiku loika maliro anu adzaimirira pamaso pa abale anu akusowa chonena ndipo adzachita kumulembera papepala. Ine zinandichitikira pa maliro a agogo anga, mkulu wina anatchula mayina a makolo athu mu Chingoni kuyambira kutali, ine mdzukulu wawo weniweni ndinangoweramitsa mutu osamva kuti akuti chiyani za anthu anga omwe. Zimapweteka moyo wonse. Muzibwera msanga ku shopu, mumusambitse mwanayo nokha, mumuimbire nyimbo zimene mayi anu ankakuimbirani, zaka 4 sanachedwe.

A Nankhoma muwawerengere amuna anu zimenezi, munene kuti zachokera kwa Jere.

Nankhoma_Joni

Zikomo kwambiri nonse, ndalira powerenga. A Chisale mwalasa, iyeyu ndi woyambadi kubadwa mwa amuna, ndamufunsa usiku wathawu ndipo wadabwa kuti mawu akuti okpala ndawadziwira kuti, takhala tikucheza mpaka usiku kwambiri zinthu zimene sanandiuzepo chikhalire. Mayi a Chidi nzeru ya chiwongo ija ndiwaimbira mayi anga kaye asanamve atsibweni.

Pali zina ziwiri. Ndine woyembekezera ndipo ku sikani akuti ndi mtsikana, nde ndikamva zonsezi za ana aamuna mtima ukundiwawa, kodi ameneyu kwa bambo ake adzakhala ndi gawo? Chinanso amuna angawa amakonda kunena kuti ma Igbo anachokera ku Israel ndi Ayuda otayika, amatsutsana ndi anzawo mpaka kukwiya, kodi ndi zoona kapena ndi nkhani za pa mowa?

Mwale_wa_malamulo

Ndiyankhe za mtsikanayo. Pa mwambo wakale mwana wamkazi sankalandira malo kapena nyumba ya bambo ake, ankati gawo lake lili kwa mwamuna wake. Koma mu April 2014 khothi lalikulu kwambiri la Nigeria linagamula mlandu wa Ukeje ndi Ukeje n'kunena kuti mwambo umenewo ukutsutsana ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1999, limene limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi wamkazi kapena chifukwa cha mmene anabadwira. Nkhani yake ikufananako ndi yanu, bambo anamwalira mu 1981 osasiya wilo, mkazi wawo ndi mwana wamwamuna anatenga zonse, mwana wamkazi wa kwa mayi wina anakasuma, iwo ankakana kuti si mwana wa malemuwo koma satifiketi yake yobadwira inali ndi dzina la bambowo ndipo khothi linaikhulupirira. Taonani zaka zimene zinadutsa kuti chilungamo chioneke. Kumidzi ambiri akutsatabe zakale makamaka pa obi ndi malo a makolo, nde chanzeru ndi chakuti amuna anu alembe wilo akadali moyo ndipo dzina lawo likhale pa satifiketi ya mwana aliyense.

Za kulandidwa mwana, khothi la ku South Africa, Malawi ngakhale Nigeria limayang'ana ubwino wa mwanayo, silifunsa kuti ndalama ya mwambo inaperekedwa kapena ayi. Kungoti kukasuma ku dziko la eni uli kutali n'kovuta komanso kodula, apa a Mbewe akunena zoona. Mwana wobadwira kunja amene kholo lake limodzi ndi la ku Nigeria ndi nzika ya Nigeria mwa kubadwa, ndipo kwathu Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, nde pitani ku ofesi ya kazembe wathu mukafunse mmene ana anu angakhalire ndi mapepala a Malawi. Ukwati wanunso ulembetsedwe ku boma, kachinkhoswe kanu kaja kalibe pepala.

Chisale_Zomba

Za ku Israel zija si za pa mowa zokha, ambiri amazikhulupirira ndi mtima wonse ndipo alipo amene amapemphera Chiyuda ali ndi masunagoge awo. Amaloza mdulidwe wa ana aamuna pa tsiku la 8, miyambo ya kudziyeretsa, komanso dzina la Eri, kholo limene anthu a ku Aguleri ndi Nri ku Anambra komweko amati anachokera kwa iye, pomwe pa Genesis 46:16 pali Eri mwana wa Gadi. Olaudah Equiano, amene ankati ndi mu Igbo ndipo anagwidwa ukapolo n'kudzadziwombola, analembapo za kufananaku mu 1789, ndipo nkhondo ya Biafra itachitika ambiri anadziona ngati Ayuda chifukwa cha kuphedwa ndi kudedwa. Koma ine sindikhulupirira, ndipo chimene chimanditsimikizira ndi chilankhulo chomwecho. Chi Igbo sichigwirizana ndi Chiheberi, abale ake ndi Chiyoruba, Chiedo ndi Chiigala, ndipo patali ndi chibale ndi Chichewa chathu chomwe, pajatu makolo a zilankhulo za Bantu anachokera cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon, mukamva iwo akuwerenga ato, ano pamene ife timati zitatu, zinayi. Nthano yakale ya ku Nri imati Eri anatsika kuchokera kumwamba, za Gadi zinabwera Baibulo litafika. Komanso safunika kubwereka mbiri ya ena, ku Igbo-Ukwu pafupi ndi kwa amuna anu munthu wina akukumba chitsime kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anapeza ziwiya za mkuwa zosulidwa mwaluso lodabwitsa, katswiri wofukula zakale Thurstan Shaw anadzafukula bwinobwino mu 1959 ndipo zinapezeka kuti ndi za zaka za m'ma 800 kapena 900, azungu asanaponde kumeneko. Koma musakangane nawo pa zimenezi panopa, muli ndi nkhani zofunika kuposa.

Atsibweni anu muwauzenso kuti ma Igbo si onse a kuchimuna. Ku Ohafia m'chigawo cha Abia malo olima amayendera kwa mayi ngati kwathu, ndipo ku Afikpo ku Ebonyi munthu amawerengedwa mbali zonse ziwiri. Achewa sadzaoneka achilendo kwambiri.

Pa kuphunzira, mudziwe kuti chi Igbo cha m'mabuku ndi pa wailesi, chimene amati Igbo Izugbe, chimasiyana ndi cha ku Anambra. Kalembedwe kake anakagwirizana mu 1961 patatha zaka zambiri akukangana, ndipo chimatsamira kwambiri ku kalankhulidwe ka ku Owerri ndi Umuahia, nde mwana akaphunzira cha m'buku adzati mmiri ponena madzi pamene agogo ake amati mmili. Adzamvana ndithu koma cha pakhomo achitenge kwa bambo ake ndi agogo. Popeza madalawo akudwala, apempheni azitumiza ma voice note pa WhatsApp, atchule mayina a makolo awo mmodzimmodzi mpaka pamene akukumbukira, dzina la umunna wawo ndi dera la mudzi, nthano, ndi mmene amapemphererera kola, inu muzisunga pa memori khadi komanso pa imelo kuti foni ikatayika zisapite. Muwapatsenso tsiku limene mwana anabadwa awerengere kuti linali liti pa masiku awo anayi a msika, Eke, Oye, Afo kapena Nkwo, mayina aja a Okeke, Okoye, Okafor ndi Okonkwo amachokera pamenepo ndipo mwina adzafuna kumupatsa lake. Ngati akuchimuna sangakwanitse kubwera ambiri ku Dedza chifukwa cha matikiti, awiri okha akwana bola mmodzi akhale wa umunna wawo weniweni osati mnzawo wa ku shopu.